Mayi Wodwala Khansa ya M'mawere Asagone Pamphasa Tsiku Lonse

Nkhani yokamba pa misonkhano ya m'midzi. Aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga apemphedwa kuti awerengere anzawo.

Mafumu, aphunzitsi, abambo ndi amayi amene ali kumva nkhani ya mwezi uno adziwa bwino mwambo wa kumudzi pa za odwala. Munthu akadwala amamuyalira mphasa m'nyumba, namuuza kuti agone, asagwire kanthu. Mwambo umenewu ngwabwino pakuti uonetsa chifundo, ndipo pa nthenda monga malungo ndi chibayo uli woyenera ndithu. Koma ilipo nthenda ina imene kugona tsiku lonse kumaonjezera mavuto m'malo mowachepetsa. Nthendayi ndi khansa ya m'mawere. Nkhani ino ifotokoza chifukwa chake mayi amene ali kulandira chithandizo cha nthendayi, kapena amene watsiriza, ayenera kumayenda ndi kumagwiritsa ntchito mkono wake, ndiponso muyeso umene ayenera kutsata kuti asadzipweteke.

Nthendayi ndi chithandizo chake

Khansa ya m'mawere imayamba ngati kachotupa m'bere, ndipo kawirikawiri kachotupako sikapweteka poyamba. Nthendayi sibwera ndi ufiti, ndiponso sipatsirana. Munthu angathe kudya mbale imodzi ndi wodwalayo, kapena kugona naye nyumba imodzi, popanda choopsa chilichonse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linawerengera kuti m'chaka cha 2022 amayi okwana 2,300,000 anapezeka ndi nthendayi, ndipo 670,000 anamwalira nayo. Ku Malawi khansa imene imagwira amayi ambiri koposa ndi ya khomo la chiberekero, koma ya m'mawere nayonso ili pakati pa zochuluka. Odwala ambiri amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Chithandizo chake chili cha mitundu inayi, ndipo mayi mmodzi angathe kulandira iwiri, itatu kapena yonse. Choyamba ndi opaleshoni yochotsa chotupa kapena bere lonse, pamodzi ndi anabere a m'khwapa. Chachiwiri ndi mankhwala amphamvu a m'diripi amene anthu amawatcha kemo, operekedwa kawirikawiri kamodzi pa masabata 3 alionse kwa miyezi ingapo. Chachitatu ndi kuwotcha malo a nthendayo ndi cheza cha makina. Chachinayi ndi mapiritsi monga tamoxifen, amene mayi amamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka 5 kapena kupitirira.

Zonsezi zimapulumutsa moyo, komatu zimasiya zotsalira zake m'thupi. Opaleshoni ndi kuwotcha zimaumitsa phewa. Kemo amafooketsa thupi, amachepetsa magazi, ndipo mankhwala ena amachititsa dzanzi m'mapazi. Mapiritsi ena amapweteketsa m'malo olumikizira mafupa ndi kufooketsa mafupawo. Koposa zonse pali kutopa, kumene odwala ambiri amati nkosiyana ndi kutopa kwa kumunda, pakuti sikutha ngakhale munthu agone usiku wonse.

Chifukwa chake kugona sikuthetsa kutopaku

Munthu wolima akatopa amapuma, ndipo mphamvu zimabwerera. Tsono abale a wodwala amaganiza kuti mayi wotopa ndi kemo nayenso afunika kugona kufikira atapeza mphamvu. Koma minofu ya munthu ili ngati khasu: likakhala pakhonde losalima limachita dzimbiri. Mayi akagona masabata awiri kapena atatu minofu ya m'miyendo imachepa, mtima umazolowera ntchito yochepa, ndipo akadzuka kuti apite kuchimbudzi kokha amapuma wefuwefu. Poona izi iye amaopa nabwerera pamphasa, ndipo mawa lake amadzuka wofooka koposa dzulo. Chomwecho kugona kumabala kufooka, kufooka nkubalanso kugona.

Kale madokotala a maiko onse nawonso anali kuuza odwala khansa kuti azingopuma. Maganizo amenewa anayamba kusintha m'zaka za m'ma 1980. Pa sukulu yaikulu ya Ohio State ku America, amayi awiri ofufuza, Mary MacVicar ndi Maryl Winningham, anayesa amayi 45 amene anali kulandira kemo. Ena mwa iwo anawauza kuti azipalasa njinga yosachoka pamalo katatu pa sabata kwa masabata 10. Zotsatira zake zinalengezedwa m'chaka cha 1989: mphamvu za amayi opalasawo zinakwera ndi magawo 40 pa 100, pamene za osapalasa sizinakwere.

M'chaka cha 2005 Dr. Michelle Holmes wa ku Harvard ndi anzake analengeza zimene anapeza atatsata anamwino 2,987 amene anadwalapo khansa ya m'mawere. Amene anali kuyenda maola 3 kufikira 5 pa sabata, imfa za nthendayi pakati pawo zinachepa pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi amene anali kuyenda mosakwana ola limodzi. Munthu wanzeru angafunse kuti, kodi oyendawo sanali amphamvu kale? Funsoli nloyenera, ndipo nchifukwa chake madokotala sanena kuti kuyenda kumachiza khansa. Chimene anena motsimikiza, atayesa kambirimbiri, ndi ichi: kuyenda ndi kulimbitsa minofu kumachepetsa kutopa, kumachepetsa nkhawa ndi chisoni, kumathandiza tulo, ndipo kumabweza mphamvu zogwirira ntchito.

Za mkono wotupa

Anthu onse adziwa mwanabere amene amatuluka m'khwapa munthu akakhala ndi bala padzanja. Anabere amenewa ali ngati sefa pa timisempha tonyamula madzi a m'thupi kuchokera kumkono. Dokotala akawachotsa pa opaleshoni, kapena akawotchedwa ndi cheza, madziwo nthawi zina amasowa njira nakhazikika mumkono. Pamenepo mkono umatupa ndi kulemera. Kutupaku kungayambe patapita miyezi, ngakhale zaka, ndipo sikugwira amayi onse.

Poopa kutupaku, kwa zaka zambiri amayi anali kuletsedwa kunyamula kanthu ndi mkono wa mbali ya opaleshoni moyo wawo wonse. M'chaka cha 1996 Dr. Don McKenzie wa ku Vancouver m'dziko la Canada anakayika lamulo limeneli. Iye anasonkhanitsa amayi 24 amene anachitidwapo chithandizo, nawaphunzitsa pang'onopang'ono kupalasa bwato lalikulu la mpikisano. Anthu a kunyanja adziwa mmene nkhafi imalemetsera mikono. Komabe pakutha pa nyengoyo panalibe mayi amene anayamba kutupa mkono chifukwa cha kupalasako, ndipo lero magulu otere a amayi alipo m'maiko ambiri.

Umboni wamphamvu koposa unadza m'chaka cha 2009 kuchokera kwa Dr. Kathryn Schmitz ku Pennsylvania. Iye anagawa pawiri amayi 141 amene anali ndi mikono yotupa kale. Gulu lina linali kunyamula zitsulo kawiri pa sabata kwa chaka chathunthu, atavala nsalu yothina ya kuchipatala pamkono, kuyambira ndi zopepuka kwambiri ndi kumaonjezera pang'onopang'ono. Gulu linalo silinanyamule. Mwa onyamula, amayi 14 pa 100 alionse ndiwo anaona kutupa kukubuka mwamphamvu. Mwa osanyamula anali 29 pa 100. Ndiye kuti mkono wozolowetsedwa ntchito mwa dongosolo umapirira bwino koposa mkono wosungidwa ngati dzira.

Mawu ofunika kuwagwira pamenepa ndi akuti pang'onopang'ono. Amayi aja sanayambe ndi katundu wolemera iyayi.

Zoopsa ziwiri za kumudzi

Mayi wa kumudzi pochokera kuchipatala amakumana ndi zoopsa ziwiri. Choyamba ndi chija chanenedwa kale, cha abale achifundo amene amamugoneka ndi kumuletsa ngakhale kusesa pakhomo. Chachiwiri chimagwera mayi amene alibe womuthandiza. Ana afuna nsima, madzi atha mumtsuko, mvula yagwa ndipo mizere siinathe. Mayi wotere amanyamula ndowa bala lisanapole, nagwira khasu tsiku lonse, ndipo bala limatseguka kapena mkono umatupa.

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Chomwecho ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo kuti ifike pamutu mikono yonse iwiri iyenera kuikweza kupitirira mapewa. Imeneyi ndi ntchito yotsiriza kuibwerera, osati yoyamba. Njira yabwino ili pakati pa zoopsa ziwirizi, ndipo muyeso wake ndi uwu.

Masabata oyamba atachitidwa opaleshoni

Mayi ayenera kufunsa adokotala kapena anamwino asanatuluke m'chipatala kuti amuonetse mafizo a phewa, ndipo kumene kuli a fiziyo apemphe kuonana nawo. Mawu a iwo amene aona bala lake ndiwo oyamba kutsatidwa.

Kawirikawiri mafizo opepuka amayamba tsiku lotsatira opaleshoni. Mayi afumbate dzanja ndi kulitambasula, apinde chigongono ndi kuchiwongola, akweze mapewa ndi kuwatsitsa, awazunguze cham'mbuyo. Chilichonse achite kasanu, m'mawa, masana ndi madzulo. M'sabata yoyamba, kapena pamene kapaipi kotulutsa madzi pabala kasanachotsedwe, asakweze mkono kupitirira phewa.

Kapaipi kakachoka ndipo adokotala akalola, aimirire moyang'anizana ndi khoma la nyumba, nayendetse zala pakhomapo kukwera m'mwamba monga ayendera kangaude. Pamene zala zafika alembepo ndi khala, kuti aone mmene chizindikirocho chili kukwerera sabata ndi sabata. Angathenso kugona chagada pamphasa atagwira ndodo kapena mthiko ndi manja onse awiri, nkumaukweza pang'onopang'ono kupita cha kumutu. Kumva kukoka pabala ndi m'khwapa nkwachibadwa. Ululu wobaya ndiwo chizindikiro chakuti wapitirira muyeso.

Kwa masabata 4 kufikira 6 asanyamule zolemera, asasinje, asawaze nkhuni, asalime. Mwana wamng'ono aberekedwe ndi ena, pakuti mfundo ya chitenje imadutsa pabala penipeni. Mayi amene wawotchedwa ndi cheza apitirize mafizo a phewa kwa miyezi yambiri, chifukwa khungu ndi minofu ya pamalopo zimapitirira kuuma ngakhale kuwotchako kutatha.

Kuyenda

Mwa masewera onse olimbitsa thupi, kuyenda ndiko koyenera munthu wa kumudzi, pakuti sikulira ndalama. Mayi wofooka ayambe ndi mphindi 5 kapena 10, kuzungulira nyumba kapena kufika panjira, kawiri pa tsiku. Sabata iliyonse aonjezere mphindi zochepa. Akatswiri a za masewera ndi khansa anagwirizana m'chaka cha 2019 kuti mphindi 30 katatu pa sabata zimakwana kuchepetsa kutopa ndi nkhawa. Mayi akatsiriza chithandizo alinge pa mphindi 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 kwa masiku 5, monga World Health Organization ilangizira akulu onse. Mphindi 30 ndi ulendo wa makilomita ngati awiri. Wopanda wotchi angathe kuyesa ndi malo odziwika, monga kumjigo, kusukulu kapena kuchigayo.

Liwiro loyenera lili ndi chizindikiro chapafupi. Mayi ayende mwakuti angathe kucheza ndi mnzake koma sangathe kuimba nyimbo. Ngati angathe kuimba, aonjezere liwiro pang'ono. Ngati alephera kutsiriza mawu, achepetse. Nthawi yabwino ndi m'mawa kapena madzulo dzuwa litapepa, atamwa madzi okwanira, ndipo malo owotchedwa aphimbidwe ndi nsalu yofewa. Amene amva dzanzi m'mapazi avale nsapato, atenge ndodo, ndipo ayende ndi mnzake m'njira yosalala. Magule a amayi monga chimtali nawonso ndi masewera abwino mphamvu zikabwerera.

Masiku a kemo salingana. Masiku oyamba atalandira diripi mayi angathe kumva nseru ndi kufooka kwambiri. Tsiku lotero kukhala pampando panja ndi kuyenda mphindi zisanu nkokwanira, ndipo masiku abwino akafika abwerere ku muyeso wake.

Kubwerera ku ntchito za pakhomo

Bala litapola ndipo adokotala atalola, mayi ayambe kulimbitsa mikono kawiri pa sabata, kusiya tsiku limodzi kapena awiri pakati. Botolo la theka la lita lodzaza madzi likwanira poyamba. Alikweze popinda chigongono kakhumi, alikwezenso cham'mbali kakhumi, mikono yonse iwiri. Ngati mawa lake mkono suli wotupa kapena wolemera, patapita sabata kapena awiri atenge botolo la lita imodzi. Za miyendo, akhale pampando ndi kuimirira kakhumi osagwira kanthu. Akadukiza masiku ambiri chifukwa cha kudwala kapena ulendo, poyambiranso abwerere ku botolo lopepuka.

Ntchito za pakhomo zibwerere mwa dongosolo lomwelo. Zoyamba ndi kusesa, kutsuka mbale, kuswa mtedza ndi kutonola chimanga. Zotsatira ndi kupeta, kuvundula nsima ya mumphika waung'ono, kuchapa zovala zochepa ndi kutunga madzi m'kachigubu ka malita 5. Zotsiriza ndi kupalira, kusinja, kupopa mjigo, kulima mizere ndi kusenza ndowa kapena mtolo wa nkhuni. Pa zotsirizazi ayambe ndi theka la ola, ndowa ikhale yosadzaza, ndipo pakhale womusenzetsa ndi womutula.

Amayi ena adzati, ntchito ndigwira kale tsiku lonse, mafizo ngachiyaninso? Ntchito ithandiza ndithu. Koma polima ndi pophika mkono umakhala pansi ndi kutsogolo, ndipo phewa silitambasuka kufika m'mwamba. Nchifukwa chake mayi wolima angathe kupezeka kuti alephera kupesa tsitsi kapena kuyanika zovala pachingwe. Mafizo a phewa asalekedwe ngakhale ntchito zichuluke.

Mkono wa mbali ya opaleshoni ufuna kusamalidwa khungu, pakuti tizilombo tikalowa pa kabala kakang'ono kutupa kungayambe. Mayi achenjere ndi minga, mpeni, moto wa pamafuwa ndi udzudzu. Akadzicheka atsuke ndi madzi oyera ndi sopo nthawi yomweyo. Adzole mafuta kuti khungu lisang'ambike, ndipo asavale chibangili kapena mphete yothina. Asasambe m'nyanja, mumtsinje kapena padambo bala lisanapole, kapena m'masiku amene ali kuwotchedwa.

Zizindikiro zofuna chipatala

Kemo amachepetsa asilikali a m'magazi, makamaka kuyambira tsiku la 7 kufikira la 14 atalandira diripi. Mayi akatentha thupi kufika madigiri 38, kapena akamanjenjemera ndi kuzizidwa, asayende masewera, ndiponso asangogula mankhwala a malungo pagolosale. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, usiku kapena usana, nanene kuti ali pa kemo.

Aleke masewera ndi kupita kuchipatala ngati amva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kugunda kwa mtima kosazolowereka, kapena kubanika pa ntchito yochepa. Chimodzimodzinso ngati mkono wafiira ndi kutentha, ngati watupa mwadzidzidzi, ngati mwendo umodzi watupa ndi kupweteka, kapena ngati bala lili kutuluka mafinya. Kupweteka kwa msana kapena kwa fupa kumene sikuleka, makamaka usiku, kuyenera kuonedwa ndi adokotala mayi asananyamule kanthu, pakuti nthendayi nthawi zina imafika m'mafupa. Ngakhale mayi wotero saletsedwa kuyenda konse, koma muyeso wake uyenera kuchokera kuchipatala.

Onse akumbukire kuti masewera salowa m'malo mwa mankhwala. Mayi amene wapeza mphamvu asati wachira nkuleka masiku ake a kuchipatala kapena mapiritsi ake. Thupi logwira ntchito lifunanso chakudya: nsima yokhala ndi nyemba, nsinjiro, usipa, mazira ndi masamba. Mowa, kaya masese kaya kachasu, umaonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mawere, ndipo nkwabwino kuusiya.

Udindo wa banja ndi mudzi

Mutu umodzi susenza denga. Zonse zanenedwazi sizingatheke ngati mayi asiyidwa yekha ndi ndowa ndi khasu. Bambo wa pakhomo sachepa ulemu potunga madzi panjinga kapena kuwaza nkhuni kwa miyezi iwiri kapena itatu. Angathenso kuyenda ndi mkazi wake madzulo, pakuti amayi ambiri amene achotsedwa bere, kapena amene tsitsi lathothoka ndi kemo, amachita manyazi kutuluka, ndipo akaoneka panjira ndi mwamuna wawo miseche imachepa. Tsitsilo limameranso kemo akatha.

Apongozi ndi alamu asamunene ulesi mayi amene wakana kusinja, ndiponso asamudzudzule pomuona ali kuyenda m'mawa. Mabungwe a amayi a m'mipingo ndi m'mizikiti pokaona wodwala asangokhala naye m'nyumba. Atatha mapemphero angathe kutuluka naye kuyenda pang'ono, ndi kugawana masiku omutungira madzi. Mafumu ndi anyakwawa angathe kumumasula ku ntchito zolemera za chitukuko, ndi kupempha achinyamata kuti amulimire munda chaka chimenecho. Alangizi a za umoyo a m'dera adziwitsidwe za mayi aliyense wochokera ku chithandizo kuti azimuyendera.

Aphunzitsi ali ndi mbali yaikulu, pakuti adziwa kuwerenga masiku ndi kuphunzitsa mafizo. Angathe kulembera mayi wosadziwa kuwerenga kapepala koonetsa mphindi zimene wayenda tsiku lililonse, kuti akaonetse adokotala pa tsiku lake. Ayeneranso kukumbutsa makolo kuti mayi aliyense akapeza kachotupa m'bere kapena m'khwapa, ngakhale kosapweteka, apite kuchipatala msanga osayamba wazungulira kwina. Nthenda ikapezeka msanga chithandizo chimapepuka, ndipo mayi amabwerera msanga ku ntchito zake.

Mudzi umene uli ndi mayi wotere usamusiye pamphasa tsiku lonse, ndiponso usamusenzetse ndowa nthawi isanakwane. Mayiyo ayende lero mphindi khumi, sabata ya mawa khumi ndi zisanu, ndipo abale ake agwire ntchito zolemera kufikira mkono wake utalimba.